Malonje Opanda Dzina

Iyayi amayi, sanamire. Fabiano ali moyo, ali pabwalo pompano akukonza tcheni cha njinga ya alamu ake. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa ndi zimene munandifunsa dzana lija, nditasinza masana pansi pa mango. Munangoima pafupi ndi mtondo, mutavala chitenje chanu chobiriwira chija, n'kunena kuti, "Nanga mlongo wako?" Ndisanayankhe, nkhuku inandiponda phazi, n'kudzuka.

Pepani, ndalumpha moni ngati mwana wosaleredwa. Kumeneko mukudzuka bwanji, amayi anga? Miyendo ija inasiya kutupa? Kuno tilipo. Ndine Velonika. Dzanja mukulionali si langa, mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira pa giredi fili. Akulemba ndi aNaTembo a nyumba yoyandikana nafe, akazi a aMwale, omwe aja anakusambitsani limodzi ndi ine tsiku lomaliza. Andifunsa kuti kalata yotere tiikapo sitampa yanji. Ndawauza kuti alembe chabe, za sitampa tiona. Ndawauzanso kuti alembe mmene mawu akutulukira, ngakhale okhota, chifukwa mutu wanga masiku ano uli ngati nthambi za maungu m'munda, sudziwa kuti iyi yachokera phando liti.

Ndiyambe ndi zabwino. Malita, mdzukulu wanu uja munkamuti wamakani, anachira ku chipatala cha ku Tamanda nthawi ya dzinja. Mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Agata. Ali ndi chipumi chanu chenicheni, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati wina wamunamiza. Mtedza chaka chino wachita bwino, chalimbana uja munatisiyira mbewu. Thonje lokha ndiye mbozi zatidyera, mankhwala anafika mochedwa. Chimanga chilipo, choyera, osati chachikasu chija tinkadya chaka chimene munatisiya. Nyumba yanu denga linagwa ndi mvula yoyamba. Sindinaimangenso, ndinangosiya. Mwamera maungu m'katimo, ndipo palibe amene akufuna kuwathyola, aliyense akuti ndi anu.

Tsopano za Fabiano. ANaTembo, apa mulembe pang'onopang'ono.

Mukukumbukira kuti anapita ndi aMwale ku Daresalamu inu mukadali moyo, kukagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Munakana, munati mwana wobadwira kumapiri a Chipata, amene madzi aakulu anawaona pa damu pokha, akafunako chiyani ku nyanja yamchere. Koma anapita. Maliro anu anawamva patapita miyezi, ali kudziko lina. Chaka chino titangomaliza kukolola, tinangoona munthu akutsika pa njinga ya hayala, wanyamula chikwama chachikulu, wawonda khosi. Ine ndinalira, ndinaseka, ndinagwetsa lichero.

Tinamuyalira mphasa, tinamupatsa madzi. Ndiye amuna anga, aPhiri, anakhala pa mpando n'kuyamba malonje monga mwa nthawi zonse. Anthu anasonkhana, aNaTembo anabwera ndi ana awo kudzamva za amuna awo amene anatsala m'sitima. APhiri anaomba m'manja n'kuti, "Alamu, tiuzeni za kumene mwachoka ndi za m'njira." Tonse tinatchera khutu. Munthu wakhala zaka pamadzi, waona maiko, tinati lero timva mpaka dzuwa kulowa.

Fabiano anati, "Ndanyamuka bwino, ndayenda bwino, ndafika bwino. AMwale ali bwino, apereka moni."

Basi, amayi. Malonje onse ndi amenewo. APhiri anadikira, n'kuti, "Alamu, mwachokera kunyanja kapena mwachokera ku chigayo?" Anthu anaseka, iye anasekako pang'ono, n'kutsegula chikwama. Anatulutsa bulangeti, nsapato za Malita, phukusi la aNaTembo lochokera kwa amuna awo, ndi wailesi yaikulu ya kaseti. Anthu ataona wailesi anaiwala malonje. Ine ndekha sindinaiwale, chifukwa ndinamva mawu anu m'khutu.

Inu simunkalola munthu kunena kuti ndayenda bwino n'kuthera pomwepo. Munkafunsa kuti, "Bwino pati? Pa dambo paja madzi afika pati? Agalu a pamudzi uja anawamanga? Mtengo wa pamtsinje ukadalipo?" Ife ana tinkachita manyazi kuti amayi akufunsa mlendo ngati apolisi. Munadzandiuza chifukwa chake ndili kale ndi mwana. Munati Fabiano ali wakhanda anatentha thupi, mukufuna kupita naye ku chipatala ku Tamanda. Dzulo lake azakhali anali atabwera njira yomweyo, pa malonje n'kuti ndayenda bwino, osanena kuti mtengo wowolokera unapita ndi madzi, iwo anazungulira kumtunda. Inu munayenda njira yonse ndi mwana kumsana, kufika pa mtsinje palibe powolokera. Munabwerera, munazungulira, munafika ku chipatala mwana atayamba kutembenuza maso. Munati kuyambira tsiku limenelo, munthu akabwera ku ulendo, njira ija si yake yekha, ndi ya amene adzapitemo mawa. Munkanena choncho mukupeta, osayang'ana munthu.

Ndiye ine ndinadziwa kuti mlongo wanga wabisa mtengo wina umene unapita ndi madzi. Koma ndinamusiya. Ndinati adye kaye, agone kaye.

Kugona kwake kunali kovuta. M'nyumba sankafuna chitseko chotseka. Ankakhala pakhonde ngakhale kukuzizira. Chimbudzi chathu chija ankachisiya chitseko pululu, mpaka ana kumaseka kuti amalume aphunzira chizungu chachilendo. Ine ndinaganiza kuti mwina kuli mkazi amene anamusiya kumeneko. Ndinaganizanso za matenda awa atimaliza anthu. Ndinaganiza zambiri, zonse zolakwika.

Zinadziwika pa nkhokwe. Tsiku lina m'mawa aPhiri anachotsa denga la nkhokwe, anaika makwerero kuti alowe atulutse chimanga chopita ku chigayo. ANaTembo anali pomwepo, anabwera kudzabwereka sefa. APhiri atangoponya mwendo umodzi m'kati, tinamva kukuwa. Fabiano anachokera kukhonde akuthamanga ngati wawona moto, anakwera makwerero, anawagwira alamu ake lamba, n'kuwakoka. Onse awiri pansi, khu! Buluku la aPhiri linang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka m'bondo. Fabiano akukuwabe m'chilankhulo chimene sitichidziwa, kenako m'Chinyanja, "Musatsike! Musatsike! Yezani kaye!"

APhiri anadzuka atagwira buluku ndi manja awiri, n'kuti, "Alamu, tiyeze chiyani? Chimanga changa chomwe, nkhokwe ndinaluka ndekha!" Ana anayamba kuseka. Koma Fabiano anakhala pansi pomwepo, thukuta lili chuchuchu kunja kukuzizira. Ndinathamangitsa ana. Ndinakhala pansi pafupi naye n'kunena mmene mukananenera inu. Ndinati, "Iwe Fabi, bwino pati?"

Ndiye anayamba malonje enieni.

Anati, "Asisi, anzanga awiri anafera m'hachi." Ine ndinadabwa. Ndinati m'sitima mumakhala ndi mahachi? Amadya chiyani pamadzi? Anati iyayi, hachi si nyama ija, ndi dzenje la katundu. Akuti m'mimba mwa sitima muli maenje akuluakulu, limodzi lokha tchalitchi chathu chingalowemo ndi mtanda womwe, ndipo pamwamba pali chivundikiro chachitsulo. Ulendo umenewo ananyamula chimanga. Chimanga, amayi. Mwina chija chachikasu tinkadya chinabweranso choncho. Anatseka chivundikiro masabata ambiri ali pamadzi. Ndiye akuti chimanga chikatsekeredwa chimapuma, chimamaliza mpweya wonse m'dzenjemo. Apa ine mpaka lero sindikumvetsa. Chimanga chouma, chakufa, chipuma ndi mphuno iti? Ndipo mpweya umatha bwanji, ngati ndi mchere m'botolo? Koma iye akuti umatha, ndipo suona kanthu, sumva fungo, malo amangooneka bwinobwino.

Atayandikira doko, anawatuma kukaona m'dzenjemo. Akuti anali atagwira ntchito masiku angapo osagona mokwanira, munthu kumayenda ngati woledzera. Kachipangizo koyezera mpweya kanalipo, koma kanali kotsekeredwa m'chipinda cha abwana, ndipo palibe amene anali ndi mphamvu yokagogoda. Woyamba kutsika anali Lito, wa kudziko lakutali la zilumba, bambo wa ana atatu, wokonda kuimba. Anatsika makwerero, pakati anangosiya manja, n'kugwa. Osakuwa ngakhale pang'ono. Wachiwiri anali Hamisi wa ku Zanzibala, mnzake weniweni wa Fabiano, amene ankagona naye chipinda chimodzi. Hamisi anaganiza kuti mnzake waterereka, anatsika mothamanga kuti akamunyamule. Anafika pansi, anawerama, n'kugona pambali pake ngati watopa. Wachitatu anali mwana wanu. Mwendo unali kale pa makwerero. AMwale ndi amene anamugwira lamba n'kumukokera kunja, monga mmene iye anawakokera aPhiri.

ANaTembo aima kulemba. Pumulani anzanga, imwani madzi. Nkhaniyi anaimva tsiku lomwelo pa nkhokwe, koma akuti kumva ndi kulemba ndi dzanja lako n'zosiyana.

Tipitirize. Chimene chikumudya Fabiano si imfa yokha. Akuti akapitao, mkulu wa sitimayo, anawasonkhanitsa n'kuwauza kuti wofunsa aliyense muzimuuza kuti anthuwa anamwa mowa n'kuterereka. Amayi, Hamisi anali Msilamu, mowa sanaulawepo chibadwire, ngakhale thobwa logona ankalikana. Ndiye kwawo mkazi wake anauzidwa kuti amuna ako anafa ataledzera. Fabiano akanena zimenezo amaluma mano.

Tsopano ndafika pamene pandisokoneza, pamene ndakulemberani.

Ku doko la Daresalamu akuti kuli nyumba ya mpingo kumene anthu a m'sitima amakapumula, kusamba, kutumiza makalata kwawo. Kumeneko kuli wansembe wina wokalamba. Fabiano pobwera kuno anagonako, ndipo wansembeyo anaona kuti mnyamatayu sakulowa m'chipinda. Anamufunsa bwinobwino mpaka anamuuza pang'ono. Wansembe sanadabwe. Anati nkhani imeneyi waimvapo kwa anthu a sitima zina, ndipo imayenda mofanana: woyamba amagwa, wachiwiri amatsatira kukathandiza, nthawi zina ndi wachitatu yemwe. Koma sitima iliyonse imabisa zake, ndiye a sitima inayo sadziwa, amakagwa m'dzenje lomwelo. Akuti tsopano iye ndi anzake a m'madoko ena akusonkhanitsa nkhani zotere. Munthu anene zimene zinachitika, anagona bwanji masiku amenewo, choyezera chinali kuti, ankadya chiyani, ndani ankamvera madandaulo awo. Zonse aziika pamodzi mu kompyuta, makina aja ali ngati taipi yokhala ndi galasi, kenako azipereka kwa eni sitima onse ndi kwa olemba malamulo a pamadzi, kuti aone pamene anthu akugwera kawirikawiri.

Fabiano akuti zimenezo amazitcha deta. Ine ndinamva ngati deti. Ndinathamanga kukatenga khadi lake la ubatizo m'kathini kanu kaja, ndinati nayi deti yako, atumizire, nkhani ithe. Anaseka, amayi, koyamba chibwerere anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Asisi, si deti. Ndi malonje. Malonje a anthu ambiri ataikidwa mulu umodzi." Ndinati ngati ndi malonje bwanji osangonena kuti malonje?

Wansembeyo anamupatsa kaseti yopanda kanthu, kuti akafika kwawo mtima ukakhala pansi, alankhulemo zonse, aitumize. Kasetiyo ili pamwamba pa khoma, pafupi ndi kolona yanu. Pali dalaivala wa lole wa ku Kapata amene amapita ku Daresalamu, akunyamuka Loweruka, ndipo anavomera kuinyamula. Akapita ameneyu sitidziwa wina adzapezeka liti, ndipo Fabiano mwini wake tchuthi chikutha, ayenera kubwerera. Koma kaseti ikadali yopanda kanthu. Ndikamufunsa amati mabatire atha. N'zoona anatha, aPhiri anawamaliza ndi nyimbo za ku Zaire. Koma mabatire amagulitsa pa kantini pamsewu pomwepa, ndipo iye amadutsapo tsiku lililonse.

Pamene ndinamva kuti ndi malonje, ine ndinati lankhula, amayi akanakhala pano akanakukakamiza. Koma kenako anandiuza chinthu china. Akuti asanaike mu kompyuta muja, amachotsa dzina. Dzina lake, dzina la sitima, dzina la akapitao, ngakhale la Hamisi ndi la Lito. Wina amamvetsera kaseti, amalemba nkhani yokha, kenako kasetiyo amaifufuta. Zimangotsala kuti munthu wina, m'sitima ina, anatsika m'dzenje la chimanga.

Amayi, apa ndipo mutu wanga waima. Chifukwa inu nomwe, amene munkati njira ndi ya amene adzapitemo mawa, ndinu nomwe munkadana ndi mawu opanda mwini. Munthu akabwera pakhomo n'kuyamba kuti "akuti", inu munkaimitsa musi n'kufunsa, "Akuti ndani?" Akalephera kutchula, munkati, "Ndiye pita nawo, pano sitisunga mawu amasiye." Munandimenyapo ndi chipande chifukwa cha akuti, ndili mtsikana, nditabwera ndi nkhani ya kuchitsime. Ndipo pa malonje munthu amakhala pa mphasa, tonse tikumuona nkhope, tikudziwa mwana wa yani, akanama tidzamufunsa mawa. Nanga awa malonje a munthu wina m'sitima ina, si miseche imeneyi? Mzungu wa ku ofesi akawerenga, sadzafunsa kuti akuti ndani? Akadzafunsa, adzayankha ndani?

Ndiponso kuchotsa dzina la munthu wamoyo, ine thupi limachita tsembwe. Dzina munamupatsa ndinu ndi atate, ansembe anathira madzi. Wina kutali alichotse ndi chala, afufute ndi mawu omwe. Kodi munthu amatsala bwinobwino? Ndinafunsa akatekisiti, anati palibe tchimo pamenepo, koma anayankha akuyang'ana njinga yawo, ndikuganiza kuti nawonso sanamvetse.

Fabiano iye mantha ake ndi ena, ndipo ndi otembenuka. Ine ndikuopa kuti dzina alichotsa, iye akuopa kuti salichotsa bwino. Akuti akapitao nawonso ali ndi malonje awo. Akakumana m'madoko amauzana kuti uje ndi wapakamwa, usamulembe. Dzina lako likalowa m'malonje amenewo, sitima iliyonse imakuuza kuti malo adzaza. APhiri anawonjezera moto. Anati, "Alamu, ngakhale achotse dzina, m'sitima yonseyo anthu olankhula Chizungu cha ku Chipata ndinu awiri, inu ndi aMwale. Mukangoti 'ze hachi', adziwa kuti uyu ndi wa kwa Mpezeni." Anaseka okha. Palibe anawathandiza kuseka.

Ndipo si Fabiano yekha angataye ntchito. ANaTembo, ndinene? Akuti ndinene. Tsiku la nkhokwe lija, aNaTembo atamva za kaseti anaimirira ndi sefa yawo n'kunena kuti, "Amake Malita, ana anga amadya za m'sitima imeneyo. Malata awa ndi a m'sitima, yunifomu ndi ya m'sitima. Akafufuza adzapeza kuti wogwira lamba anali ndani. Akufa anafa, musandiphere amoyo ndi njala." Sananame, amayi. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi sitinaikambenso. Timabwerekana moto, timapita limodzi kudimba, koma kaseti ili pakati pathu ngati chitsa. Lero ndinachita kuwapempha kawiri kuti andilembere, chifukwa wina wodziwa kulemba amene ndingamuuze zam'nyumba palibe.

Chinthu china Fabiano anandiuza dzulo tikusenda mtedza. Akuti aMwale sakhalitsa m'sitima ija, awasamutsira ku ina ya kampani yomweyo, yonyamulanso chimanga ndi tirigu. Kumeneko anthu ake ndi atsopano, za Lito ndi Hamisi anangomva kuti analedzera. Ndinati si bwino, aMwale akudziwa, akawauza. Fabiano anati, "Asisi, aMwale adzauza amene ali nawo pafupi. Nanga sitima zinazo? Ndiponso tsiku lija aMwale anandigwira chifukwa anaona awiri atagona pansi. Akanafika poyamba, ataona mmodzi yekha, sindikudziwa." Anasiyira pomwepo.

Ine ndikudziwa, amayi, ndipo inunso mukudziwa. AMwale si aja analumphira m'chitsime cha kudimba chifukwa cha mbuzi ya eni ake, osavula ndi nsapato zomwe? Munawakalipira inu, munati munthu wamkulu amayamba wafuna chingwe. Anthu ena mitima yawo imathamanga kuposa mutu. Fabiano ndi mmodzi, aMwale ndi wina. Kwa anthu otere kudziwa kokha sikukwanira, pafunika choyezera chija chikhale pakhomo pa dzenje, osati m'chipinda cha abwana. Ndipo amene angalamule zimenezo si Fabiano, si aMwale, ndi aja a ku maofesi amene sadziwa kanthu chifukwa aliyense amawauza kuti tayenda bwino.

Mwaona, ndikayamba kulankhula ndimapezeka ndili mbali iyi. Ndikangokhala chete ndimapezeka ndabwerera mbali inayo. Ndimuuze kuti lankhula, atayike ntchito ndi aMwale omwe, ana a eni ake asiye sukulu, ndipo mawu akewo akafike kumeneko ali amasiye, wina awataye m'dengu? Kapena ndimuuze kuti khala chete, abwerere, ndidzamve kuti wina watsika makwerero aja? Iye akudikira ine. Sananene, koma ndikuona. Inu kulibe, atate kulibe, wamkulu ndatsala ine, wa giredi fili. Mukanangondiuza kuti mwa mawu anu awiri aja, lalikulu ndi liti. Mukabweranso pansi pa mango, musafunse funso n'kuchoka. Mukhaleko pang'ono, nkhuku ndizitsekera.

Ndili ndi pempho lina. Ngati kumeneko kunafika alendo awiri, wina wamfupi woyera wokonda kuimba, wina wamtali wakuda wovala kachipewa, osadziwa Chinyanja, ndi anzake a mwana wanu. Lito ndi Hamisi. ANaTembo, mayinawo mulembe ndi zilembo zazikulu. Muwayalire mphasa, muwafunse malonje mmene mumafunsira. Hamisi musamupatse chilichonse chowawasa, samwa. Ndipo mumuuze kuti kuno ku Chipata, kumene sanafikeko, kuli nyumba imodzi imene ikudziwa kuti sanaledzere.

Ine ndikulonjeza kuti mwezi wa mizimu ukafika ndidzapereka mayina atatu ku Misa, lanu ndi awo, akatekisiti akane asakane. Manda anu tidzalambula, ndidzabwera ndi Agata wamng'ono kuti mumuone chipumi. Maungu a m'nyumba mwanu ndidzathyola limodzi lokha, la mbewu.

Ndimakusowani m'mawa uliwonse, makamaka ndikamapeta.

Ine mwana wanu woyamba,
Velonika

Amayi, musaipinde kaye kalatayi. Ndimayesa tamaliza, koma aNaTembo aika bolopeni pansi, ayang'ana pepala, kenako alankhula. Ndawauza kuti zimene anenazo alembe okha, ine ndingazikhotetse. Avomera. Akuti:

"Amake Malita, mawuwa si amasiye. Mwini wake ndamulemba ine ndi dzanja langa, Fabiano mwana wa aAgata, ndi Lito, ndi Hamisi, ndi amuna anga omwe. Mayina apita kwa amayi anu, akasunge iwo, kumeneko kulibe kapitao. Ku Daresalamu kupite njira yokha. Amayi anu ataima pa mtsinje paja ndi mwana kumsana, sankafuna dzina la munthu, ankafuna wowauza kuti mtengo palibe. AMwale ndimawadziwa ine, adzatsika. Kuli bwino abwere kuno opanda ntchito, tizidya mtedza, kusiyana n'kuti ndidzauzidwe kuti analedzera. Mabatire ali mu tochi yanga, ndi atsopano. Muitaneni Fabiano asambe m'manja, girisi angadetse kaseti."